Ndawerenga mabuku 9 chaka chino koma ndaiwala: lopambana ndilisankhe bwanji?

Mayi wina watilembera motere: "Ndine mayi wa zaka 44, wa pa ntchito komanso wa pa banja. Ndili m'gulu la anthu asanu ndi atatu amene timakumana Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse kukambirana za mabuku. Mu Januwale ndinadzilonjeza kuti chaka chino ndiwerenga mabuku 24, koma ndamaliza 9 okha ndipo ena anayi ndinawasiyira panjira. Chondiwawa n'chakuti ndikayesa kukumbukira zimene ndinawerenga mu Malichi kapena Epulo, m'mutu mulibe kanthu. Pa msonkhano wotseka chaka aliyense akatchula buku limodzi limene lamupambanira. Ine ndinawerenga nthano zazitali zinayi, buku limodzi la ndakatulo, awiri a mbiri ya dziko, limodzi la mbiri ya moyo wa munthu ndi limodzi la malangizo a ndalama. Zinthu zosiyana chonchi ndiziyerekeza bwanji? China, masiku ano ndikawerenga usiku maso amalemera ndipo mutu umandipweteka. Kodi ndangotaya nthawi?"

Mayi, simunataye nthawi ayi, mtima ukhale m'malo. Tiyambe ndi nambala ija ya 24, chifukwa ndiyo ikukuimbani mlandu. Buku lapakatikati limakhala ndi masamba pafupifupi 250. Mabuku 24 ndiye kuti masamba 6,000, kapena masamba 16 mpaka 17 tsiku lililonse, osaphonya ngakhale tsiku la maliro, la ukwati, la matenda a mwana kapena loti magetsi azima tochi ilibe moto. Masamba 17 a nthano yokoma munthu amawamaliza m'theka la ola. Masamba 17 a buku la mbiri lolembedwa m'Chingerezi cholimba, lodzaza zaka ndi mayina, angadye ola lathunthu kapena kuposa. Nambalayo siisiyanitsa zimenezi. N'chifukwa chake anthu othamangira nambala, pofika Okutobala, amayamba kusankha timabuku topyapyala n'kumazemba mabuku amene akanawapindulira kwambiri. Inu m'chaka chimodzi mwalowa m'mitundu isanu ya mabuku, ndipo kwa ine chimenecho n'cholemera kuposa kufika 24.

Za kuiwala, umo ndi mmene ubongo umagwirira ntchito. Mjeremani wina, Hermann Ebbinghaus, anasonyeza kale mu 1885 kuti zimene munthu waphunzira zimathawa kwambiri m'maola ndi m'masiku oyambirira, kenako zotsalazo zimachoka pang'onopang'ono. Chimene chimazigwira bwino ndi kuzikumbukira buku litatsekedwa. Mukabwereza kuwerenga tsamba, maso amalizindikira ndipo mumamva ngati mukulidziwa, koma munthu atakulandani bukulo simunganene kanthu. Mukalitseka n'kudzikakamiza kunena zimene zinalimo, m'pamene zimakhazikika. Mudzaona nokha kuti mabuku amene munakambirana m'gulu lanu mukuwakumbukira bwino kuposa amene munangowerenga nokha n'kuwabweza pa shelefu. Ndipo zambiri zimene mukuti mwaiwalazo zikadalimo, zikungodikira kuti muzikodole.

Choncho musayambe ndi kutsegula mabuku. Tengani kope ndi cholembera, mukhale pamene mabukuwo sakuoneka, mulembe mayina awo mmene akubwerera m'mutu, osatsata miyezi. Dongosolo limenelo lisungeni, chifukwa buku limene latulukira loyamba ndi limene mwalivutikira kukumbukira akuuzani kale kanthu. Mukatero, lililonse lipatseni mphindi zisanu ndi mizere isanu: linkakamba za chiyani, ndi chochitika kapena ganizo liti limodzi limene mukulionabe bwinobwino, munauzako ndani za ilo, ndipo munaliwerengera kuti. Funso lomalizali limaoneka lachabechabe koma limagwira ntchito. Mukakumbukira kuti munali m'minibasi kapena pa benchi la kuchipatala podikira kuitanidwa, nkhani yake imatsatira pambuyo. Mukamaliza m'pamene mutsegule bukulo kwa mphindi 15: tsamba la zam'katimu, mutu woyamba, mutu womaliza ndi paliponse pamene munapinda tsamba kapena kudula mzere. Mphindi 20 pa buku, mabuku 9, ndi maola atatu. Musawapanikize tsiku limodzi. Tengani mabuku atatu madzulo aliwonse kwa masiku atatu, apo ayi omalizawo mudzangowadutsa mutatopa n'kuwaweruza molakwa.

Tsopano funso lanu lalikulu. Ndakatulo ndi buku la ndalama simungaziike pa sikelo imodzi, monganso munthu sangafunse ngati khasu liposa nkhwangwa asananene kuti akufuna kulima kapena kudula mtengo. Buku lililonse liyesedwe ndi zimene linalonjeza.

Nthano yaitali imalonjeza anthu, ndiye muiyese ndi ampangankhani ake. Kodi mungathe kunena chimene mpangankhani wamkulu ankafuna, chimene chinkamutchinga ndi chimene anataya pochifunafuna? Njira ina yabwino ndi kumuchotsa m'bukumo n'kumuika pena. Atapezeka pa mlandu wa malire a munda kwa amfumu, angalankhule zotani? Ngati yankho likubwera lokha, mlembi anamuumba bwino. Ngati mukungokumbukira kuti kumapeto kunali chodzidzimutsa, nthanoyo inakugwirani ndi chidwi chofuna kudziwa mathero basi. Si tchimo, munthu amafunanso kupumula, koma buku lotero silipambana chaka. Dzifunseni ngati mungaliwerengenso mukudziwa kale mmene lithere. Nthondo ya Samuel Josia Ntara, imene inatuluka mu 1933, imangotsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kumwalira, koma patapita zaka zoposa 90 ikuwerengedwabe chifukwa mudzi wake ndi anthu ake ali moyo. Wowerenga watcheru amaonanso kuti mlembiyo anali mphunzitsi wa pa mishoni ya Nkhoma, ndipo zimenezo zimaoneka kumene nkhani ikupendekera. Kuona zotere sikunyoza buku. Pa nthano zanu zinayi zija dzifunseninso kuti mlembi aliyense ankafuna muime mbali iti, komanso ngati anakulolani kumva mbali inayo.

Buku la ndakatulo ndiye anthu ambiri amalilakwira. Amaliwerenga ngati nthano, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza tsiku limodzi, kenako n'kumati silinawapatse kanthu. Ndakatulo imafuna pakamwa ndi khutu. Sankhani zisanu zimene munaikapo chizindikiro, muzilakatule mokweza kawirikawiri, mumve pamene mpweya ukukutherani ndi pamene mlakatuli akukuimitsani dala. Ngati pa ndakatulo 40 zitatu zokha zakhala nanu, moti mzere wina umakubwererani mukutsuka mbale, bukulo lakwanitsa ntchito yake. Kumbukiraninso kuti alakatuli ena ankalemba m'nthawi imene kunena chinthu poyera kunali kuika moyo pachiswe. Ndakatulo za Jack Mapanje zimene zinatuluka mu 1981 zimabisala kumbuyo kwa nyama ndi zining'a, ndipo mwiniwakeyo anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991 osaimbidwa mlandu. Wowerenga mothamanga amangoona abirimankhwe, osamva amene akunenedwa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa mabuku anu awiri a mbiri ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa apa m'pamene kukoma kwa kalembedwe kumanyenga. Buku la mbiri limalonjeza zoona, choncho funso loyamba si lakuti linakoma bwanji. Funsani kuti analemba ndani, chaka chanji, ndipo nkhani zake anazitenga kuti. Tsegulani kumapeto kwa buku, kumene ambiri safikako, muone ngati mlembi watchula makalata, malipoti, nyuzipepala ndi anthu amene anacheza nawo. Buku losanena kumene latenga nkhani zake mulichenjerere, ngakhale litakoma chotani. Kenako funsani kuti mawu a ndani mulibe. Tengani nkhani ya John Chilembwe, amene anaukira atsamunda pa 23 Januwale 1915 n'kuphedwa pa 3 Febuluwale. Zambiri zolembedwa m'masiku amenewo zinachokera ku boma la atsamunda, kwa eni minda ndi kwa amishoni, ndiye kuti kwa anthu amene anali ndi mbali pa mlanduwo. George Shepperson ndi Thomas Price anafufuza nkhaniyi mozama m'buku lawo la 1958, ndipo pambuyo pake Amalawi monga D.D. Phiri anailembanso akuiyang'ana ali kuno. Mukawerenga awiri pa nkhani imodzi mumayamba kuona pamene akugwirizana, pamene akusiyana ndi pamene wina wadumpha. Pa awiri anuwo, lopambana ndi limene likukuuzani poyera kuti apa umboni ulipo, apa tikungoganizira. Musadandaule kuti zaka ndi mayina zathawa. Zimenezo mukhoza kuzipezanso. Yesani kufotokozera munthu wina m'mphindi ziwiri chimene chinayambitsa nkhaniyo ndi chimene chinatsatira. Mukatha, bukulo linalowa.

Mbiri ya moyo wa munthu ili pakati pa nthano ndi mbiri ya dziko. Wolembayo amasankha zoti anene, ndipo kawirikawiri amathandizidwa ndi mlembi wina. Buku la William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, limene linatuluka mu 2009, analilemba pamodzi ndi mtolankhani wa ku America, Bryan Mealer, ndipo n'chifukwa chake limafotokoza zinthu zina zimene Mmalawi aliyense amazidziwa kale. Mphamvu yake ili poti limasonyeza mmene zinthu zinachitikira: njala ya 2001 ndi 2002, kusiya sukulu chifukwa cha fizi, mabuku obwereka ku laibulale yaing'ono, zitsulo zotola mpaka makina a mphepo anayatsa babu. Lanulo muliyese chimodzimodzi. Likungolemekeza mwini wake, kapena likusonyeza njira imene anadutsa, pamodzi ndi pamene anapunthwa?

Buku la malangizo a ndalama silivuta kuliweruza: mwachitapo chiyani? Ngati patapita miyezi palibe chimene chasintha pa kasungidwe, kagulidwe kapena kabwerekedwe kanu, ndiye kuti linangokusangalatsani. Chenjezo n'lakuti ambiri a mabukuwa amalembedwera anthu a ku America kapena ku Ulaya, kumene mitengo imakwera pang'ono pachaka ndipo chiwongoladzanja cha ngongole n'chotsika. Kuno kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023. Langizo lililonse muliyese ndi moyo wathu wa banki m'khonde, katapila, fizi ndi feteleza, ndipo buku lolonjeza kulemera msanga musaliyese ndi ndalama zanu.

Mukatero mudzatsala ndi asanu, limodzi pa mtundu uliwonse, ndipo gulu likufuna limodzi. Apa lekani kufunsa kuti labwino kwambiri ndi liti, chifukwa funso limenelo lilibe yankho. Funsani kuti, onse asanu atasowa lero, ndi liti limene mungaligulenso ndi ndalama zanu mwezi wa Januwale, fizi ikukudikirani? Pali misampha iwiri. Woyamba ndi buku limene mwangomaliza kumene mu Novembala, limene likuoneka lalikulu chifukwa choti likadali lotentha. Mndandanda uja munalemba mabuku atatsekedwa udzakuthandizani: buku la mu Malichi likatulukira koyambirira, ndiye kuti lapirira miyezi yonseyi, ndipo umenewo ndi umboni wamphamvu. Wachiwiri ndi kusankha buku lalikulu lotchuka kuti anzanu akuoneni ngati ophunzira. Zimadziwika, chifukwa munthu wotero akafunsidwa funso limodzi amayamba kuzungulira. Ndikanakhala m'gulu lanu ndikanapempha kuti chaka chamawa musankhe m'magawo: nthano yopambana, buku limene linakuphunzitsani kwambiri, limene linakusinthani maganizo, ngakhalenso limene linakukhumudwitsani. Macheza amakoma kwambiri mukatero.

Pa tsikulo mphindi zisanu zikukwanirani. Nenani m'chiganizo chimodzi zimene bukulo likukamba, muwerenge mokweza ndime imodzi yosapitirira mphindi imodzi, munene chimene linakuchitani, mutchule chofooka chake chimodzi ndi mtundu wa munthu amene sangalikonde. Mathero musaulule. Ndime yowerengedwa mokweza ija imakopa anthu kuposa mawu onse oyamikira.

Mabuku anayi amene munawasiyira panjira musawabise, nawonso ndi gawo la chaka chanu. Pa lililonse lembani tsamba limene munalekera ndi chifukwa chake. Mwina nthawi inali yolakwika, monga buku lodzaza imfa pamene pakhomo pali matenda. Limenelo lisungeni, lidzakhala ndi tsiku lake. Mwina chilankhulo chinakulemerani. Ofufuza za kuphunzira zilankhulo amati munthu amawerenga momasuka akamadziwa mawu pafupifupi 98 pa 100 aliwonse, ndiye kuti mawu achilendo asapitirire asanu kapena asanu ndi amodzi pa tsamba. Tsegulani pakati, muwerengere. Akafika 15, vuto si ulesi wanu. Yambani ndi buku lopepuka pa nkhani yomweyo. Mwinanso bukulo silabwino basi. Mukalipatsa masamba 50 koma osakukokani, lipititseni kwa wina popanda kudziimba mlandu.

Chaka chikubwerachi musalonjeze mabuku, lonjezani masamba kapena nthawi. Masamba 10 patsiku ndi masamba 3,650 pachaka, mabuku pafupifupi 14 a masamba 250, ndipo tsiku lovuta likabwera masamba 10 amabwezeka mawa lake. Khalani ndi mabuku awiri nthawi imodzi: lolimba la m'mawa kapena Loweruka mutu ukadali wopepuka, lopepuka la madzulo. Foni ikhale m'chipinda china, chifukwa uthenga umodzi wa pa WhatsApp umadya mphindi zambiri kuposa zimene mumaganiza. Kope lija lipitirire: tsiku lotsatira mutamaliza buku, lembani mizere isanu osalitsegula, muiwerengenso patapita sabata, kenako patapita mwezi. Disembala wamawa mudzangotsegula kope.

Mabuku si otsika mtengo, ndikudziwa. National Library Service ili ndi likulu ku Lilongwe ndi nthambi m'mizinda monga Blantyre, Zomba ndi Mzuzu komanso m'maboma ena, ndipo kadi imodzi ingadyetse gulu lonse nkhani. Inunso anthu asanu ndi atatu, aliyense atagula mabuku awiri pachaka, muli ndi 16 ozungulira. Chofunika ndi kope lolembamo amene watenga ndi tsiku lobweza, chifukwa mabuku obwereketsana pakamwa sabwerera. Pogula kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, onani tsamba lomaliza kuti lilipo, mutsatire manambala a masamba pakati pamene timagulu ta masamba timathothoka, ndipo mununkhize: fungo la chuku limafalikira kwa mabuku ena. Mabuku oyenda pa WhatsApp ambiri ndi obedwa, ena n'ngoperewera masamba, ndipo amapha alembi athu amene msika wawo ndi wochepa kale. Fayilo imene ikukupemphani kuti muike pulogalamu pa foni musanawerenge si buku, ifufuteni. M'nyengo ya mvula shelefu italikirane ndi khoma mpata wolowa dzanja, mabuku asagone pansi kapena m'katoni, ndipo kamodzi pamwezi muziwatulutsa kuona ngati chiswe sichinayambe njira kumbuyo.

Za maso ndi mutu musazinyalanyaze. Munthu akapitirira zaka 40, kagalasi ka m'kati mwa diso kamayamba kuuma n'kumalephera kuona bwino zapafupi. Zizindikiro zake ndi zimene mwanenazo, kuphatikizapo kutalikitsa buku kuti zilembo zioneke ndi kufuna kuwala kochuluka. Zimachitikira pafupifupi aliyense ndipo magalasi owerengera amathetsa vutoli. Pa msinkhu wanu kawirikawiri amayambira pa +1.00 kapena +1.50. Koma musangogula a pamsika. Kapimitseni kaye, chifukwa maso awiri sakhala ofanana nthawi zonse, komanso matenda a glaucoma, amene amaononga mtsempha wa diso mwakachetechete, amayamba kuchuluka pa zaka zomwezi ndipo magalasi sangawaulule. Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu zili ndi mbali ya maso, chimodzimodzinso chipatala cha Nkhoma, ndipo ku chipatala cha boma lanu angakupimeni kapena kukutumizani koyenera. Ngati muli ndi shuga kapena vuto la kuthamanga kwa magazi, maso azipimidwa chaka chilichonse. Pakadali pano nyali izichokera kumbuyo kwa phewa n'kugwera pa tsamba, ndipo mphindi 20 zilizonse muziyang'ana chinthu chakutali kwa kanthawi. Diso likasiya kuona mwadzidzidzi, kapena likafiira n'kumapweteka kwambiri mpaka nseru, pitani tsiku lomwelo.

Kuiwala za m'buku la miyezi isanu ndi itatu yapitayo si matenda. Koma mukaona kuti mukuiwala zimene mwakambirana m'mawa womwewo, mukusochera panjira yozolowera, kapena apabanja ayamba kukudabwani, kaonaneni ndi dokotala. Chimodzimodzinso ngati si mabuku okha amene asiya kukoma koma zonse, chakudya, macheza, kupemphera, tulo tasokonekera, ndipo zatenga milungu iwiri kapena kuposa. Kumeneko kungakhale kuvutika maganizo kapena kuchepa kwa magazi, ndipo zonse ziwiri zili ndi chithandizo ku chipatala.